Malikisi a Banyira

"Werenganso bwino, Esitere. Mwina maso ako a ku Joniwo sanazolowere dzuwa la kuno," anatero azakhali akundibwezera foni.

"Ndawerenga kawiri, azakhali. Alemba kuti simunakhoze."

"Sindinakhoze chiyani? Mayeso onse ndinalemba ine. Ena ndinalembera pachulu paja mvula ikundimenya kumsana."

Tinali pakhonde pawo, m'mudzi wa kumtunda kwa Bembeke, mphepo ya mu Julayi ikulowa mpaka m'mafupa. Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Cape Town, komwe bambo anga anandilerera kuyambira ndili wamng'ono. Kuno dziko lonselo amangoti ku Joni. Mapepala okhalira atandithera, ndinabwera kwa mlongo wawo wa bambo, a Magadalena, ndi chikwama chimodzi, ndikudziuza kuti ndikungodutsa.

Tsamba la malikisi lomwe linali pafonipo silinali lachilendo kwa ine. Ku koleji komwe ndinasiyira panjira tinkagwiritsa ntchito lofanana nalo: mzere uliwonse mayeso ake, malikisi kumanja, pansi penipeni zonse pamodzi. Mizere ya azakhali sinali yochititsa manyazi. Sanali oyamba m'kalasi, koma paliponse anali pamwamba pa malire okhozera. Mzere womaliza wokha ndi umene unali ndi ziro.

"Nanga ziro uyu?"

"Ameneyo msiye. Ndi wa banyira."

"Banyira?"

"Iwe, kwanuko sagulitsa tomato? Ukagula mulu, wogulitsa amakuikirako mmodzi pamwamba. A Levison, aphunzitsi athu a kosiyi, anati ntchito imeneyo ili choncho. Wofuna achite awonjezere malikisi, wosafuna asiye."

Ndinawonkhetsa ndekha. Popanda mzere womalizawo, azakhali anali atakhoza bwinobwino. Koma makina aja anali atawerengera ntchito ya banyira ija ngati mayeso enieni, ndipo ziroyo anawakokera pansi pa malire. Ndinawafotokozera momwe ndikanathera.

"Ukutanthauza kuti ukapanda kulandira banyira, amakuchotsera tomato pamulu womwe wagula kale?"

"Ndi zomwe zachitika."

Anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Ndiye n'zazing'ono izi. A Levison akonza. Tiye tikathyole ndiwo."

A Magadalena sukulu anasiyira Sitandade 8, chaka chomwe mayi awo anagona pamphasa osadzukanso. Anakwatiwa ndi a Petulo, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi, amene anamwalira ana akadali kupulayimale. Sukulu ya mkombaphala ya m'mudzimo anaiyamba okha, kuseri kwa katchalitchi, ataona tiana tikungoyendayenda m'madimba amayi awo akuthirira, kena katatsala pang'ono kugwera m'chitsime. Poyamba analibe chilichonse kupatula mkeka ndi mawu awo. Zidole ankaumba ndi dongo la kudambo n'kuziwotcha ngati miphika: ng'ombe, njinga, amayi obereka ana kumsana, ngakhale wansembe wovala chipewa. Zowerengera zinali zitsekerero za mabotolo. Nyimbo ankapeka akupalira, madzulo n'kukayesera pa ana awo. Anyamata ambiri a kabaza pa Bembeke anaphunzira kuwerenga pamkeka umenewo, ndipo mpaka lero akakumana nawo amatsika panjinga n'kuvula chipewa.

Alezi ena anabwera pambuyo. Woyamba anali Jesinta, mwana wawo wa ubatizo, amene anabwerako kubanja ali ndi khanda kumsana, alibe pogwira. Azakhali anamutenga, namuphunzitsa kutonthoza mwana wolira osamuopseza, kugawa phala kuti womaliza asalandire madzi okha, ndi kuimba moyang'ana ana osati kumwamba. Midzi yoyandikana itatsegula sukulu zawo, alezi ake onse anayamba adzakhala kaye pamkeka wa a Magadalena.

Chaka chatha bungwe lina lomwe limathandiza sukuluzi ndi ufa wa phala linabweretsa lamulo lakuti mlezi wamkulu pasukulu iliyonse akhale ndi satifiketi. Maphunziro ake anali a pa intaneti, kupatula tsiku limodzi lomwe a Levison anasonkhanitsa alezi onse kuti awafotokozere za kosiyo. Azakhali, omwe foni ankaigwiritsa ntchito poyankha ana awo basi, anaphunzira kudina ndi chala chimodzi. Netiweki m'mudzimo imagwira pachulu china kuseri kwa manda, ndiye ankakwera pamenepo ndi magalasi a malemu amuna awo, n'kumawerenga funso lililonse mokweza ngati akulalikira chiswe. Satifiketi imeneyo ndi yomwe ikanawasiya pasukulu yawo. Popanda iyo, mpando unali wa wina.

Ntchito ya banyira inali yojambula vidiyo. Mlezi aphunzitse ana, anzake awiri a pakosi aonerere, pomaliza anene zomwe aona. Alezi a m'midzi yathuyi anaikonza momwe amakonzera kukumba kachewere. Kuno munda wa kachewere sakumba munthu yekha. Amapangana, lero kwa uje, tsiku lina kwa uje, mpaka minda yonse ithe. Ndipo amene wasonkhanitsa gulu, munda wake umakhala womaliza, kuti pasapezeke wonena kuti anaitana anthu pofuna zake. Ine nditamva zimenezi ndinati ndi dongosolo lopusa, chifukwa womalizayo alibe chomugwirira anzake. Azakhali anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Choncho Lachitatu lililonse ankasenza dengu la zidole n'kuyenda wapansi kupita kusukulu ya mnzawo. Ankamuuza poima, kumuyambira nyimbo, kuwapukuta ana mamina. Wojambula anali Jesinta, chifukwa foni yake ndi imene inali ndi kamera yooneka bwino. Mavidiyowo ndinawaonera pambuyo pake. M'onse muli azakhali, atakhala pambali, akuwomba m'manja, ndipo pomaliza akunena kuti, "Mphunzitsiyu wachita bwino kwambiri."

Tsiku lawo linagwa sabata yomaliza ntchitoyo isanatsekedwe. Anasesa bwalo, anauza makolo kuti ana abwere atasamba, anaphika thobwa la alendo. Dzuwa linafika pamutu. Amake Yohana, mlezi wa kutsidya kwa dambo, anatumiza mawu akuti mwana watentha thupi. Wina anati kwabwera lole ya mavenda a kabichi. Jesinta anati foni yathera moto, wapita kukatchaja pa Bembeke, ndipo anabwerako kutada. Pa nthawiyo aliyense anali ataona kale malikisi ake a banyira atalowa patsamba. Ana anaimba okha nyimbo yomwe anakonzekera, n'kumwa thobwa la alendo.

"Simunakwiye?" ndinafunsa.

"Ndikanakwiyira banyira? Anthu amatanganidwa, mwanawe."

Tinapita kuboma kukaonana ndi a Levison. Anali bambo wachinyamata, wa tayi yopyapyala, ndipo atangoona azakhali anadzuka n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Amayi athu! Mwayenda ndi chisanu chonsechi?"

"Chisanu n'chathu, aphunzitsi. Chomwe chatiyendetsa ndi ziro."

Anatsegula laputopu. Ine ndinazungulira tebulo osapemphedwa, khalidwe lomwe kuno ndauzidwa kangapo kuti ndi lachipongwe. Pansi pa dzina la ntchito ija panali kabokosi kosonyeza kuti malikisi ake ndi owonjezera chabe. Kanali kosadina.

"Ndi aka," ndinaloza. "Mukangokadina, zonse zibwerera m'malo."

Anakayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Chemwali, zimenezi ndaziona."

"Ndiye dinani."

"Zotsatira zinapita kale kulikulu. Mayina akusindikizidwa. Ndikangogwira tsamba ili, kumeneko aona kuti lasintha, ndipo afunsa."

"Akafunsa muwauze kuti munaiwala. Kuiwala ndi mlandu?"

Azakhali anandiponda phazi pansi pa tebulo. "Mwanayu anakulira kunja, aphunzitsi. Mumukhululukire, pakamwa pake palibe chitseko."

A Levison anamwetulira mopanda mphamvu. Anati kontirakiti yawo ikutha posachedwa, ndipo kulikulu kuli anthu omwe amangodikira kuti munthu apunthwe. Koma panali njira. Ophunzira ena, ngakhale awiri okha, akanabwera kudzanena kuti anamva ndi makutu awo kuti ntchitoyo inali yosakakamiza, iwo akanapeza poyambira. Akanati ophunzira adandaula, tiyeni tiunikenso.

"Koma ananena ndinu," ndinatero. "Mboni mukuifuniranji pa mawu anu omwe?"

"Chemwali, ofesi simukuidziwa."

Azakhali anali atanyamuka kale, akukonza chitenje. "Awiri okha? Ndikubweretserani onse, mpaka mipando ichepe."

Mumsewu anandidzudzula. Anati munthu ukamupempha chinthu sumuimirira kumutu. Anali osangalala, anandigulira chimanga chowotcha, n'kumandiwerengera mayina a amayi omwe abwere.

Lamulungu mapemphero atatha, alezi anakhala pa udzu kuseri kwa tchalitchi, miyendo atatambasula, aliyense atafunda nsalu ziwiri. Azakhali anafotokoza nkhani yonse modekha, osatchula n'komwe za Lachitatu lija. Atamaliza, wina anayamba kuchotsa chisoso pachitenje chake.

Amake Yohana ndi amene anayamba. "Nanga akatsegula tsambalo, malikisi athu sawachotsa?"

"Sachotsa," ndinayankha. "Anu akwera ndithu. Aliyense akwera."

"Makina akweze aliyense? Ndi amalume ako?"

Anaseka onse. Ndinayesa kufotokoza ndi timiyala, mulu apa, kamwala kapadera apa, koma lilime linandigwira pakati, mawu ena akubwera m'Chingerezi.

"Chichewa chako chikuyendera ndodo, mwana wa ku Joni," anatero amake Yohana. "Ife tamva kuti ku Chongoni anthu anadandaula za ufa, ufawo unasiyiratu kubwera. Chinthu chikakhala m'manja, sumatambasula zala kuti uone ngati chilimo."

"Palibe akukulandani kanthu, amake Yohana," anatero azakhali. "Ndikungopempha kuti mukanene zomwe munamva."

"Zinanenedwa zambiri tsiku lija. Mutu ndi umodzi."

Azakhali anatembenukira kwa Jesinta, yemwe nthawi yonseyi ankapinda ndi kupindula ngodya ya nsalu yake.

"Jesinta, iwe unakhala pafupi nane. Unamva chiyani?"

"Amayi, ine tsiku limenelo mwana ankandivuta. Sindinamvetsetse."

"Mwana unamusiya kwa agogo ake."

"Kaya, mwina ndasokoneza masiku."

"A Levison atati banyira, ndani anaseka mpaka anamufunsa ngati amagulitsa pamsika?"

Jesinta anayang'ana kumapiri. "Sindikukumbuka, amayi."

Azakhali sanafunsenso. Anadzuka, anasasa udzu kumbuyo, n'kunena kuti, "Zikomo, tapita." Panjira ndinalankhula ndekha mpaka kufika kunyumba. Ndinati ndi njiru, ndinati ndi mantha aumbuli, ndinati kumene ndinakulira munthu amene wakuyendera mitunda yonseyo sungamukane pamaso. Zomalizazi sindikudziwa ngati zinali zoona. Iwo anangoti, "Samala minga."

Sabata yomweyo kunabwera a Bonifasio, wapampando wa komiti ya sukulu, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi za chisanu, za mtengo wa feteleza, za ng'ombe ya uje yomwe yathyoka mwendo. Kenako anati lamulo si lawo, labwera kuchokera kumwamba. Komiti inali itakambirana kale ndi Jesinta zotsatira zitangotuluka, ndipo iye anavomera kusenza udindowo.

"Zitangotuluka?" anafunsa azakhali.

"Eya. Tinati tisachedwe, bungwe lingatione ngati ogona."

Ndiye kuti Lamulungu lija, pamene ankapinda nsalu yake, Jesinta ankadziwa.

"Koma inu sitikukuthamangitsani ayi," anapitiriza a Bonifasio. "Sukulu ija ndi thukuta lanu. Mutha kumathandiza kuphika phala. Ana amalikonda phala lanu."

"Ndamva, a tcheya. Mupereke moni kunyumba."

Ine sindinagonje msanga. Ndinakwera pachulu paja n'kutumiza uthenga kulikulu la bungwelo, wautali, wa Chingerezi chabwino. Yankho linabwera laulemu kwambiri: nkhani zonse za malikisi zimadzera kwa mphunzitsi wa kosi. Ndinaimbira a Levison. Poyamba ankati ali pamsonkhano. Kenako foni inkangoitana. Ndinauza azakhali kuti tipitenso, tikakhale pakhomo la ofesi mpaka atuluke.

Anali akusankha mbewu ya nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu.

"Tiyerekeze adina kabokosi kakoko. Pepala labwera. Lolemba ndikalowa m'kalasi, woyamba kundipatsa moni ndani?"

"Jesinta."

"Ndiye ndizimuyankha kuti chiyani?"

Kwa ine nkhani inali ya makina olakwitsa ndi munthu wamantha wokana kuwakonza. Kwa iwo a Levison anali mlendo, ndipo mlendo akakukhumudwitsa umangoti ndi mmene alili. Chomwe chinkawasowetsa tulo ndi madengu omwe anasenza, ndi thobwa lija. Kuphala sanapite. M'mawa ankatenga khasu n'kulowera kudimba nthawi yomwe ana amadutsa, kuti asawaone.

Tsiku lopereka masatifiketi litayandikira, amayi aja anatumiza uthenga. Ankapempha kuti a Magadalena abwere kuholo kuboma adzawayambire nyimbo yolandirira alendo, chifukwa akaiyamba okha imakwera kwambiri n'kuwathera mpweya pakati.

"Musapite," ndinatero. "Alibe manyazi anthu amenewa?"

"Nyimboyo ndinapeka ndine. Akaiwononga pamaso pa anthu, dzina lotchulidwa ndi langa."

Anavala chitenje cha Amayi a Chikatolika ndi nsapato zawo za ku Misa. Muholo anaima kutsogolo n'kuiyamba, mawu awo osanjenjemera ngakhale pang'ono, ndipo alezi anailandira bwino lomwe. Kenako anabwerera kumpando wakumbuyo, pafupi ndi ine. Mayina anaitanidwa. Aliyense ankapita akuvina, nthungululu zili pakamwa, n'kubwerako ndi envelopu yaikulu. A Levison polankhula anathokoza mwapadera "mayi wathu a Magadalena, amene ndi chitsanzo kwa tonse." Anthu anawomba m'manja. Azakhali anawomba nawo.

Tikutuluka, Jesinta anatithamangira. Anagwada pa simenti, envelopu ataikumbatira pachifuwa.

"Amayi, zikomo chifukwa cha nyimbo."

"Wakhoza, mwanawe. Ugwire bwino ntchito."

"Amayi, Lolemba kukubwera alendo a kulikulu kudzaona sukulu. Ndiye ndimati nditume ana adzatenge zidole zija."

Zidolezo zimagona kwa azakhali, m'kanyumba kosungiramo mbewu ya kachewere, chifukwa kalasi ilibe chitseko. Mlezi aliyense wozifuna ankangokankha n'kutenga, ngakhale eni ake ali kumunda.

"Zonse?"

"Makamaka ng'ombe zija ndi njinga. Alendo amakonda kujambula zimenezo."

Azakhali anamuyang'ana pamutu, pomwe tsitsi linali litalukidwa mwatsopano chifukwa cha mwambowo.

"Ndamva," anatero. "Dzuka, ukudetsa chitenje."

Tinalunjika kokwerera minibasi. Tisanafike anakhota mwadzidzidzi n'kulowa m'sitolo ya a Twaibu, yogulitsa misomali, mahinjesi ndi zingwe za njinga. A Twaibu anali atangobwera kuchokera kumzikiti, akupachika kiyi pakhoma.

"Aphunzitsi a ku Bembeke! Lero mwawala bwanji, kuli ukwati?"

"Ukwati wa eni ake. Ndipatseni kaloko."

"Ka chikwama kapena ka chitseko?"

"Ka chitseko. Kakang'ono, koma kosatsegulika ndi msomali."

Anatulutsa tiwiri, kakuda ndi kagolide. "Kagolideka n'kokongola, koma ndisakunamizeni, mwana wa sukulu amakatsegula ndi waya. Tengani kakudaka. Bwanji, mbava zafika kumtundako?"

"Ayi, kulibe mbava. Onse ndi odziwana nawo."

"Amenewo ndiye ovuta," anatero a Twaibu akuseka, osadziwa kanthu. Anakatseka ndi kukatsegula kuti aone kuti kakugwira, n'kukakulunga m'pepala.

Azakhali anamangirira makiyi onse awiri pangodya ya chitenje. Ine sanandipatseko.

Mu minibasi ndinawanong'oneza. "Nanga ana, azakhali? Zidolezo si za ana?"

"Ana njira ya kwathu akuidziwa."

Tinatsika pamphambano n'kuyamba kukwera wapansi, chifunga chikutsika m'mapiri. Mnyamata wina wa kabaza anaima n'kuwapempha kuti akwere, koma anakana, anati miyendo ikufuna kuwongoka. Ndinati ndiwanyamulire kaphukusiko m'chikwama changa. Anapukusa mutu, n'kupitiriza kuyenda patsogolo panga, kaloko kali m'manja.